Katchalitchi kali kokhakokha pakati pa tirigu

FUNSO: Mlongo wanga amene ali ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, wanditumizira chithunzi cha katchalitchi ka matabwa kali kokhakokha pakati pa minda ya tirigu. Mkati mwake muli mndandanda wa abusa, koma ambiri adangokhalapo chaka chimodzi kapena ziwiri. Kodi akhristu ake anali ovuta kuweta?

YANKHO: Ayi mayi, musawaweruze msanga. Chomwe chinali chovuta ndi malowo.

Lamulo la boma la Canada la 1872 linkapatsa munthu maekala 160 akalipira madola 10, bola amangepo nyumba ndi kulimapo zaka zitatu. Choncho aliyense ankakhala pamunda pake, mnzake ali kutali. Mabanja ankayamba kupempherera m'nyumba kapena m'sukulu, kenaka wina n'kupereka kangodya ka munda wake kuti pakhale tchalitchi ndi manda.

Nanga mabanja ochepa chonchi akadasamala bwanji mbusa? Mbusa mmodzi ankayendera mipingo iwiri kapena itatu pa tsiku limodzi la Sabata, pangolo yokokedwa ndi hatchi, m'kuzizira koumitsa madzi. Kwina ankangotumizidwa ophunzira za ubusa m'miyezi yotentha. Sukulu ikatsegulira, basi apita. Mayina ena pamndandandapo n'kutheka ndi a anyamata otere. Chilala cha m'ma 1930 chitafika, fumbi likukwirira mbewu, malipiro nthawi zina ankakhala mazira ndi nyama.

Kusowa kwa abusaku kudathandizanso kugwetsa malire a pakati pa mipingo. M'timatauni tambiri a Methodist ndi a Presbyterian adayamba kupemphera pamodzi atsogoleri awo asanamalize kukambirana, ndipo mu 1925 mipingoyi itagwirizana, mpingo wa United Church of Canada udabadwa.

Ine amene amandikhudza mtima ndi Lydia Gruchy. Adamaliza maphunziro a ubusa mu 1923 mumzinda wa Saskatoon, ku koleji imene pambuyo pake idatchedwa St. Andrew's College, n'kutumikira m'mipingo yakumidzi zaka zoposa khumi asanaloledwe kudzozedwa. Adamudzoza mumzinda wa Moose Jaw mu 1936, mayi woyamba kukhala mbusa mu mpingowo.

Mathalakitala atachuluka, minda idakula, mabanja n'kuchepa, ndipo matchalitchi ambiri otere adatsekedwa. Ena amatsegula kamodzi pachaka, zidzukulu zikabwera kudzalambula manda. Muwauze alongo anuwo ajambulenso miyala ya pamandapo. Mudzaona mayina a mabanja omwewo akubwerezabwereza, a anthu amene ankasonkha moto m'mbaula mbusa asanafike.