Kodi agogo anu Achisilamu ali kuti?

Mayi ena a ku Kawale anditumizira imelo. Agogo amene anawalera, Asilamu a ku Salima, anatisiya mwezi watha. Atabwerako kumaliro, mnzawo wa kumvano anawauza kuti, "Pepani, komatu aja sanalandire Yesu." Ndiye akufunsa: kodi agogo anga apita kumoto?

Mayi, pepani ndi zovutazi. Mnzanuyo sanapeke yekha mawuwo. Watsamira pa Yohane 14:6 ndi Machitidwe 4:12, pomwe akuti palibe dzina lina lotipulumutsa. Kalekale, m'zaka za m'ma 200, bishopu Cyprian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, ankaphunzitsanso kuti kunja kwa mpingo kulibe chipulumutso.

Koma m'Baibulo momwemo muli Korneliyo, msilikali wachiroma, yemwe mapemphero ake anafika kwa Mulungu asanamve n'komwe uthenga wa Petro. Pa Aroma 2:14-15 Paulo akunena za anthu amene lamulo linalembedwa m'mitima mwawo. Akatolika anaima pamenepa pa msonkhano waukulu wa mabishopu awo wotchedwa Vatican II. Mu 1964 analemba kuti munthu amene sanamudziwe Khristu, osati mwadala, koma ankafunafuna Mulungu ndi mtima woona, angathe kupulumuka, ndipo Asilamu anachita kuwatchula dzina. Wopulumutsa ndi Yesu yemweyo, kungoti chisomo chake sichithera pakhomo la tchalitchi.

John Hick, katswiri wa za zipembedzo wa ku England, anapitirira apo, nati zipembedzo zikuluzikulu zonse zimakafika kumodzi. Izi ine sizindigwira mtima. Mkhristu akuti Yesu anafa pamtanda, Kurani ikuti sanapachikidwe. Kunena kuti awiriwa akukamba chimodzi n'kusawamvetsera onse.

Kumzikiti nako mkanganowu ulipo. Kurani 2:62 ikulonjeza mphotho kwa Ayuda ndi Akhristu okhulupirira Mulungu ndi tsiku lomaliza, pomwe 3:85 ikuti chipembedzo chosakhala Chisilamu sichidzalandiridwa. Mwina agogowo nawonso ankagona akudera nkhawa za inu.

Ine ndaima ndi apakatiwo, a Vatican II aja. Sindingakutsimikizireni kuti agogo ali kumwamba, komanso mnzanuyo sanasungitsidwe buku lamoyo. Mwalemba kuti Lamulungu lililonse, iwo ataswali kale m'bandakucha, ankakudzutsani n'kukumangirani ndalama ya chopereka pansonga ya chitenje kuti musachedwe kutchalitchi. Zimenezo Mulungu ankaziona, mnzanuyo kunalibe.

Mwafunsanso ngati mupite ku sadaka ya masiku 40. Pitani ndithu. Nyamulani ufa ndi shuga, mulawirire kudepoti, mukathandize amayi anzanu kukhitchini.