Mabuku a mbiri opatsidwa: musayike onse pashelefu

Aphunzitsi, mwafunsa kuti pa makatoni amene sukulu yanu ku Nkhotakota yalandira, buku la mbiri lodalirika mungalidziwe bwanji. Chikuto chisakunamizeni. Tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu, muone chaka chimene linasindikizidwa koyamba. Ambiri amapusitsika apa: buku limaoneka latsopano pomwe ndi la m'ma 1970, angolisindikizanso osasintha ngakhale liwu limodzi.

Chakacho chikuuzani zambiri. Mabuku a nthawi ya atsamunda amalemba Kota Kota, Fort Johnston, Port Herald m'malo mwa Nkhotakota, Mangochi ndi Nsanje, ndipo amati Livingstone "anatulukira" nyanja mu 1859, ngati kuti makolo athu ankawedza chambo pamtunda. Osindikizidwa kuno m'nthawi ya chipani chimodzi ali ndi vuto lina. Ankapimidwa ndi Censorship Board, ndiye mkangano wa nduna wa 1964 amangoudutsa chothamanga. A Chipembere, a Chiume ndi a Orton Chirwa mwina mulibemo, apo ayi akutchedwa oukira boma.

Kenako liyeseni pa zimene mukuzidziwa kale. Dzina la Nyasaland linayamba mu 1907, Chilembwe anaukira mu Januwale 1915, ufulu ndi wa pa 6 Julayi 1964, repabuliki 1966, likulu linachoka ku Zomba mu 1975. Buku losokoneza 1964 ndi 1966 musalikhulupirire pa zina.

Koma muyeso wabwino muli nawo pakhomo pomwepo: Jumbe, mtsogoleri wa amalonda achiswahili amene ankalamulira ku Nkhotakota. Buku lofufuzidwa bwino limafotokoza kuti Jumbe unali udindo, anthu angapo analowa motsatizana kuyambira pa Salim bin Abdallah, amene anafika m'ma 1840, ndiponso kuti minyanga ndi akapolo ankawoloka nyanja kulowera ku Kilwa. Likamamutenga ngati munthu mmodzi amene anakhalapo zaka zonsezo, wolembayo anangokopera kwa mnzake.

Onaninso ngati wolemba akunena kumene watenga nkhani zake, kaya ku National Archives ku Zomba, kaya kwa akuluakulu amene anacheza nawo. Lopanda zimenezi, lopandanso dzina la wolemba ndi wosindikiza, libwerere m'katoni. Za mayeso a MANEB, tsatirani mndandanda wa mabuku ovomerezeka, a Malawi Institute of Education ku Domasi angakuthandizeni, ngakhale buku lovomerezeka nthawi zina limakhala lachidule kwambiri.

Akalewo musawotche. Apatseni shelefu yawoyawo, mumatepo kapepala kosonyeza chaka, a Fomu 3 ndi 4 aziwawerenga mphunzitsi ali pomwepo. Atlasi yosonyeza maboma 24, yopanda Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno, ipitenso komweko.