Kodi chimbale cha magazini choimbanso nyimbo za The Clash n'chachinyengo?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku Leeds, ku England, ndipo amawerenga zolemba zanga. Iwo akuti anagula chimbale m'sitolo ya katundu wa kaunjika, chimene pachikuto pake panali dzina la magazini ya Uncut ndi mawu oti White Riot, koma atakachimvera kunyumba anapeza kuti nyimbo za The Clash, gulu la ku London loimba chamba cha punk, zimene amazidziwa zikuimbidwa ndi mawu achilendo. Funso lawo lili pawiri: kodi chimbalecho n'chachinyengo, ndipo ngati si chachinyengo, munthu angapindulenji pomvera ena akuimba nyimbo zimene eni ake anazijambula kale bwinobwino?

Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa simunaberedwe. Magazini a nyimbo a ku Britain, monga Mojo imene inayamba mu 1993 ndi Uncut imene inayamba mu 1997, ali ndi chizolowezi chomata chimbale pachikuto kuti wogula magazini atengerenso nyimbo ngati basera. Chanucho chinatuluka kumapeto kwa 2003, chili m'magawo awiri, ndipo chinakonzedwa pokumbukira gulu la The Clash patatsala pang'ono kuti chikwane chaka chimwalirireni woimba wake wamkulu, Joe Strummer, amene anatisiya pa 22 Disembala 2002.

Chifukwa chimene magazini amakondera kupempha oimba ena kuti aimbenso nyimbozi chagona pa umwini. Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake mbali ziwiri: amene anapeka mawu ndi maimbidwe ake, ndiponso amene ali ndi umwini wa mawu ojambulidwawo, omwe nthawi zambiri ndi kampani. The Clash inasaina mgwirizano ndi kampani ya CBS mu 1977, choncho wofuna kugawa nyimbo zenizenizo ayenera kukagogoda ku kampani yaikulu, imene siingalole msanga kuti katundu amene ikugulitsabe aziperekedwa ngati mphatso. Koma woimba wina akaijambula mwatsopano, chotsala n'kulipira opeka nyimbo kudzera ku bungwe lotolera ndalama zotere, lomwe ku Britain ndi MCPS, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ina imene COSOMA imagwira kwathu kuno. Woimbayo amadziwika kwa owerenga magazini, magazini imagulidwa, ndipo opeka nyimbo amalandira kangachepe kawo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landiganizitsa kwambiri, ndipo ndinene mosabisa kuti zimbale zambiri zamtunduwu sindibwerera kukazimveranso. Nyimbo za chamba cha punk, mtundu wa rock waliwiro ndi waphokoso, n'zosavuta kuziphunzira, pakuti zambiri n'zazifupi ndipo mnyamata amene wagwira gitala miyezi yowerengeka angathe kuziimba. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumapusitsa oimba, chifukwa mphamvu ya nyimbozi inali mu mkwiyo wa achinyamata a ku London a m'ma 1976 ndi 1977, amene ankaona ulova, kusankhana mitundu ndi nkhanza za apolisi pakhomo pawo. Gulu limene lingotengera liwiro ndi phokoso lomwelo patapita zaka pafupifupi makumi atatu, m'situdiyo yabwino, limafanana ndi munthu wolira maliro a mudzi umene sadziwako ngakhale dzina la malemu. Vuto limeneli ndinalimvanso mu nyimbo zingapo za chimbale chimene magazini ya Kerrang! inatulutsa mu 2014, pamene magulu achinyamata anaimbanso chimbale cha American Idiot cha gulu la Green Day m'chaka chimene chinkakwanitsa zaka khumi.

Amene amakwanitsa ndi aja amene amainyamula nyimbo n'kupita nayo kwawo, ndipo The Clash yeniyeniyo ndi imene inaonetsa njira. Pa chimbale chawo choyamba cha 1977 anaikapo Police and Thieves, nyimbo ya reggae imene Junior Murvin wa ku Jamaica anajambula ndi Lee Perry chaka cham'mbuyo mwake. Sanayese kutsanzira mawu ang'ono okoma a Murvin, amene sakanawatha n'komwe, koma anaiimba ndi magitala aukali mpaka inayamba kunena za misewu ya ku London.

Ngongole imeneyo inabwezedwa mu 2011, pamene Jimmy Cliff, woimba reggae wa ku Jamaica, anaimbanso The Guns of Brixton mothandizidwa ndi Tim Armstrong wa gulu la Rancid. Nyimboyi anaipeka ndi Paul Simonon, woimba gitala ya besi mu The Clash, ndipo imatchula Ivan, munthu wa mu filimu ya The Harder They Come ya 1972, amene anaseweredwa ndi Cliff yemweyo. Ndiye kuti mkuluyo ankaimba nyimbo ya mnyamata wa ku Brixton, dera la ku London, amene anakula akumuonera pa kanema, ndipo ukamamvera umazindikira kuti liwu lililonse akulidziwa kulemera kwake. Chimodzimodzinso Rachid Taha, mbadwa ya ku Algeria, amene mu 2004 anaimba Rock the Casbah ya The Clash m'Chiarabu ndi zoimbira za kwawo, nyimbo imene kwa ine imamveka bwino m'kamwa mwake kuposa mmene eni ake anaisiyira. Ziwirizi mulibe m'chimbale chanu, popeza zinatuluka pambuyo pake, koma ndi muyeso umene ndimagwiritsa ntchito.

Choncho langizo langa n'lakuti muyambe mwamvera chimbale cha The Clash cha London Calling cha 1979 ndi choyamba chija, kenako mubwerere ku White Riot. Nyimbo imene woimba waichepetsa liwiro, kapena waivula magitala n'kusiya mawu poyera, muipatse mpata kawiri kapena katatu, chifukwa Strummer ankameza mawu poimba ndipo mizere ina mudzayamba kuimvetsa ikatuluka pakamwa pa munthu wina. Ponena za mtengo, musayembekezere kuti mwatola chuma, popeza zimbale za pachikuto zinkapangidwa zochuluka molingana ndi magazini, ndipo n'chifukwa chake mwachipeza pa kaunjika. Mukadzaona gawo linalo pa shelefu yomweyo, mudzalitenge kuti akhale onse awiri.