Makina odulira vinyl pakhomo: zogula ndi zophunzira poyamba

Amayi ena a ku Kasungu atilembera pa imelo. Akufuna kumalemba mayina pa malaya a makwaya ndi a zinkhoswe, komanso pa makapu. Mchimwene wawo ali ku Johannesburg ndipo akufuna kuwagulira makina odulira vinyl (pulasitiki yopyapyala yodulirapo zilembo zomata), koma mayiwo sakudziwa ngati asankhe Cricut kapena Silhouette Cameo, ndiponso zina zofunika kugula.

Mayi, Cricut Explore ndi Cameo onse amadula bwino, ndipo amalandira vinyl wotambalala masentimita 30. Kusiyana kwagona pa pulogalamu. Design Space ya Cricut imadalira intaneti kwambiri, pomwe Silhouette Studio mukangoiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda bandulo. Ngati netiweki kwanuko imavuta, tengani Cameo. Kungoti pulogalamu yaulere ya Silhouette sitsegula mafayilo a SVG (mtundu wa mafayilo a zojambula zodula) mpaka mutagula yolipira yake, Designer Edition.

Za magetsi musazipeputse. Kuno ndi 230V, ngati ku South Africa, choncho mudzangosintha pulagi. Koma heat press (makina otenthetsa omatira zilembo pa nsalu) ya ku America ya 110V mukailumikiza kuno imapsa. Guleni surge protector, yoteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu. Makina odulira sadya magetsi ambiri, ka UPS kakang'ono (kabatire kosunga magetsi) kangakupulumutsireni vinyl magetsi akathima ntchito ili mkati; heat press yokha singayende pa kameneka.

Vinyl alipo wamitundu iwiri ndipo salowana. Womata, monga Oracal 651, ndi wa makapu, magalasi ndi zikwangwani, ndipo mumamunyamula ndi transfer tape, tepi yosamutsira zilembo zodulidwa. Wa nsalu ndi HTV, amene amamata ndi moto. Auzeni achimwene abwere ndi mamati awiri (mati ndi chogonekapo vinyl podula, chokhala ndi ulimbo), mpeni wapadera ndi kachitsulo kosongoka kochotsera zotsala.

Pa HTV ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Tembenuzani mawuwo pa kompyuta musanadule, posankha mirror, apo ayi adzawerengeka chobwerera pa malaya. Mbali yonyezimira ya HTV, yomwe ndi pulasitiki yake, igone pa mati. Dulani kaye kabokosi kakang'ono pakona: mpeni udule vinyl yekha, pulasitiki ya pansi itsale yathunthu. Ikabooka, mpeni watuluka kwambiri. Zilembo zing'onozing'ono zikamanyamuka kapena kung'ambika, chepetsani liwiro, kenaka onani nsonga ya mpeni, pamakhala tizinyalala.

Pomata, tenthetsani malaya masekondi ochepa kuti chinyezi chichoke. HTV wamba pa nsalu ya thonje amafuna pafupifupi madigiri 150 a Celsius kwa masekondi 10 mpaka 15, mutapanikiza kwambiri, koma tsatirani zimene wogulitsa walemba, kuphatikizapo ngati pulasitiki muichotse ikadali yotentha kapena itazizira. Simbi yamagetsi ingagwire ntchito poyamba, bola muzimitse nthunzi ndipo muzikanikiza malo amodzi, osayendetsa ngati mukusita. Yamakala ayi, moto wake sungayezeke. Majezi a mpira a poliyesitala amasiya chizindikiro chonyezimira moto ukachuluka, yesani kaye mkati mwa mpendero.

Fumbi la m'chilimwe limapha ulimbo wa mati msanga. Mukamaliza, bwezeranipo pulasitiki yake yophimbira. Akasiya kugwira, mutsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale pang'ono, aume yekha.

Makasitomala muziwauza kuti asachape malaya mpaka patatha maola 24, achape atatembenuza, ndipo asasite pamwamba pa zilembo.