Shortstop wosalakwitsa akhoza kukhala amene akukugonjetsani

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene timu yanu mu Out of the Park Baseball, masewera a pakompyuta oyerekeza baseball, ikulolera ma run (zigoli) ambiri pamene shortstop wanu, woteteza amene amaima pakati pa second base ndi third base, ndi amene walakwitsa kochepa mu ligi yonse, komanso ngati kusuntha osewera a mkati mwa bwalo kumathandizadi kapena ndi zokometsera masewera chabe. Ine ndikukayikira shortstop yemweyo amene mukumuyamikirayo.

Wosewera amamulembera error, ndiye kuti cholakwitsa, pa mpira umene anaufikira koma n'kulephera kuugwira kapena kuuponya molakwika. Amene ali wolemera miyendo saufikira n'komwe mpira wodutsa masitepe atatu kumanzere kwake, choncho mpirawo umalembedwa kuti womenya wamenya bwino, mlandu n'kugwera woponya, iye dzina lake n'kukhalabe loyera. Derek Jeter, amene anali shortstop wa New York Yankees, analandira Gold Glove, mphotho ya woteteza bwino, kasanu chifukwa manja ake anali odalirika, komabe ziwerengero zoyeza kukula kwa dera limene wosewera amateteza zinkamuika m'munsi mwa anzake ambiri, makamaka pa mipira yolowera ku second base. Ozzie Smith, shortstop wina amene analandira mphothoyi maulendo 13, ankafikira mipira imene ena ankangoiperekeza ndi maso. Masewera oyerekeza opangidwa bwino amasiyanitsa zinthu ziwirizi. Makhadi a Strat-O-Matic, masewera amene anayamba mu 1961, amapatsa wosewera nambala ya dera lake, 1 kukhala yapamwamba ndipo 5 yotsika, kenako nambala ina yapadera ya zolakwitsa. Mu masewera anuwo luso lagawidwa panayi: range (kukula kwa dera), error, arm (mphamvu ya mkono) ndi turn double play (kutulutsa anthu awiri pa mpira umodzi). Pa shortstop yambani mwayang'ana range, ya error ibwere pambuyo.

Mphamvu ya mkono imafunika malinga ndi malo. Kuchoka pa base imodzi kufika pa inzake ndi mafiti 90, pafupifupi mamita 27, ndipo womenya amathamanga mtunda umenewu m'masekondi anayi ndi pang'ono. Shortstop amene wagwira mpira chakumbuyo, pakati pa malo ake ndi third base, ayenera kuima, kutembenuka ndi kuponya kutali nthawi imeneyi isanathe, kotero ngati mkono wake uli wofooka, mumusunthire ku second base kumene amaponya pafupi, bola akhale wachangu polandira ndi kuponyanso pa double play.

Tsopano za kaimidwe. Palibe kaimidwe kamene kamatseka bwalo lonse, chifukwa oteteza anayi a mkati (shortstop ndi a ku first, second ndi third base) pamtunda waukulu chotere ali ngati bulangete lalifupi: mukafunda kumutu, mapazi amakhala pamtunda. Wothamanga akakhala pa first base ndipo otuluka sanakwane awiri, shortstop ndi mnzake wa ku second base amayandikira base yapakatiyo kuti apange double play, ndipo wa ku first base amamatira pa base yake kuti wothamangayo asabe mtunda. Apa mpata wa kumanja umakula kwambiri, ndipo womenyera kumanzere amakondwa. Masewera amene akupereka zotsatira zofanana kaya pa first base pali munthu kaya palibe, sakutsanzira baseball yeniyeni.

Kukokera onse anayi kutsogolo, pamene wothamanga ali pa third base, ndiye chinthu chimene ambiri amachichita mopitirira muyeso. N'zoona kuti mpira wofooka woyenda pansi mumautchinga ndipo wothamangayo safika kunyumba kukamaliza run, koma mpira wamphamvu pang'ono umadutsa wosewera asanasunthe phazi. Ine ndimachita zimenezi kumapeto kwa masewero pokhapokha run imodziyo ikakhala yoti igamule zonse. Mu inning yachiwiri, masewero akadali koyambirira, ndi bwino kulola run imodzi n'kutulutsa womenya, kusiyana ndi kutsekula khomo la ma run anayi. Kuimika wa ku first ndi wa ku third pafupi ndi mizere ya malire a bwalo nakonso sindikukonda kwenikweni, chifukwa mumatchinga mpira umodzi wosowa n'kulola ingapo ya masiku onse.

Pa nkhani ya shift, kumene ndi kuunjika oteteza mbali imodzi ya bwalo, onetsetsani chaka chimene ligi yanu ikutsanzira. Lou Boudreau, manijala wa timu ya Cleveland, anaunjika osewera ake kumanja polimbana ndi Ted Williams, womenyera kumanzere wotchuka, mu 1946, koma njirayi inafala kwenikweni m'zaka za m'ma 2010, matimu monga Tampa Bay Rays ataona m'ziwerengero kuti omenya ambiri amakokera mipira yoyenda pansi ku mbali yawo. Kuyambira mu 2023 malamulo a MLB, ligi yaikulu ya ku America, amafuna kuti awiri akhale mbali iyi ya second base, awiri mbali inayo, ndipo onse mapazi awo asatuluke m'dothi la mkati pamene mpira ukuponyedwa. Mukamasewera nyengo ya 2019, kuika atatu kumanja pa womenya wamphamvu wa kumanzere n'kolondola, koma mu nyengo ya 2024 ufulu wanu umathera pakuimika shortstop pafupi kwambiri ndi second base osaidumpha.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli, siyani kuwerenga zolakwitsa, muone gawo la mipira yomenyedwa m'bwalo imene timu yanu yonse imaisandutsa kutulutsa munthu. Mu MLB imakhala pafupifupi 7 pa 10 iliyonse. Ngati yanu ili pansi pa matimu ena kwa nyengo yathunthu, osati milungu iwiri yokha, ndipo oponya anu ndi aja ochititsa mipira yambiri kuyenda pansi, pezani shortstop wa range yapamwamba ngakhale atamalakwitsa kochulukirapo, ndipo wakaleyo mumuyese ku second kapena ku third base malinga ndi mkono wake.