Kodi mvuu za m'Luangwa ndi abale a namgumi?

Aphunzitsi ena a sayansi a ku Katete anditumizira imelo. Akuti atauza ana kuti namgumi si nsomba, ndipo kuti m'bale wake wapafupi mwa nyama zamoyo lero ndi mvuu, kalasi yonse inaphulika nako kuseka. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Ndiye kuti mvuu za ku Mfuwe zikakhalitsa m'madzi zidzasanduka anamgumi?" Aphunzitsiwo akufuna umboni woti angaonetse ana amene nyanja yamchere amangoimva.

Aphunzitsi, mtsikanayo mumuuze kuti ayi. Namgumi sanachokere kwa mvuu. Onse awiri anachokera kwa kholo limodzi la miyendo inayi lomwe linkayenda pamtunda zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo. Mbumba yake inagawikana, ina n'kulowa m'nyanja mpaka kalekale, ina n'kutsala pamtunda, ndipo mvuu zinadzabadwa kumeneko pambuyo pake.

Umboni mungaugule pamsika wa Kapata ku Chipata kapena kwa aliyense wopha mbuzi kwanuko. Pemphani mwendo wakumbuyo, muuphike, muchotse kafupa ka pakakolo kamene akatswiri amati astragalus. Mukakayang'ana muona kuti kali ndi ngalande kumtunda ndi kumunsi komwe, ngati kagudumu kodutsamo chingwe cha pachitsime. Kafupa kotere kamapezeka m'banja limodzi lokha, la mbuzi, ng'ombe, nkhumba, ngamila ndi mvuu. Galu alibe, bulu alibe. M'chaka cha 2001 magulu awiri a akatswiri, lina la Philip Gingerich lina la Hans Thewissen, analengeza za mafupa a anamgumi akalekale okumbidwa ku Pakistan, amene anali adakali ndi miyendo, ndipo pakakolo pawo panali kafupa komweka. Kusanafike apo ambiri ankaganiza kuti anamgumi anachokera ku gulu lina la nyama zodya zinzake, ngakhale ofufuza DNA (malangizo a chibadwa amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) m'zaka za m'ma 1990 ankalozera kale kwa mvuu. Kafupako ndi kamene kanathetsa mkangano.

Mwana wochenjera afunsa kuti tidziwa bwanji kuti nyama ya miyendo inayi inali namgumi. Yankho lili m'khutu. Anamgumi ali ndi fupa la khutu lokhuthala mbali imodzi mwa njira yawoyawo, ndipo Pakicetus, nyama ya msinkhu wa galu wamkulu imene inkakhala m'mbali mwa mitsinje zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, inali nalo. Nyama ina yotchedwa Ambulocetus, ya mamita atatu, inali ndi mapazi aakulu opalasira madzi. Pofika zaka 40 miliyoni zapitazo kunali Basilosaurus, wotalika mamita oposa 15, amene sankatulukanso m'madzi. Mafupa ake ali mbwee m'chipululu cha Wadi Al-Hitan ku Egypt, kuno ku Africa, pamalo pomwe kale panali nyanja. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti chinyama chonsecho chinali ndi timiyendo takumbuyo tosakwana mita imodzi, tokhala ndi bondo ndi zala, koma tosatha kunyamula thupi lake. Kusintha konseku kunatenga zaka pafupifupi 10 miliyoni, ndipo palibe nyama imodzi imene inasanduka. M'badwo uliwonse, ana osambira bwino ndi kumva bwino m'madzi ndiwo ankapeza chakudya n'kubereka ambiri.

Namgumi wa lero akadali ndi zizindikiro za kumtunda. M'zipsepse zake muli mafupa a mkono ndi zala monga m'dzanja lathu. M'mimba chakumbuyo muli timafupa totsala ta m'chiuno. Nsomba imapinda mchira uku ndi uku, koma namgumi amaukweza n'kuutsitsa, chifukwa msana wake unazolowera kupindika mmene umachitira wa nyama yothamanga pamtunda. Mphuno zinasuntha pang'onopang'ono kuchoka kutsogolo kwa mlomo mpaka pamwamba pa mutu, ndipo zigaza zakale zimaonetsa mphunozo zili pakatikati pa ulendowu. Ubweya unatha pafupifupi wonse, m'malo mwake munabwera mafuta ochindikala pansi pa khungu oteteza kuzizira. Mwana amabadwa wamoyo n'kumayamwa, ndipo mkaka wake ndi wamafuta kwambiri moti mwana wa namgumi wamkulu kuposa onse, uja amafika mamita 30, amanenepa makilogalamu pafupifupi 90 pa tsiku.

Nkhani ya mpweya musaidumphe, chifukwa ndi imene ana amaikonda. Namgumi sadalira mapapo okha akamamira. Mpweya wambiri amausunga m'magazi ndi m'minofu, n'chifukwa chake nyama yake ndi yofiira moderako. Mtima umagunda pang'onopang'ono, magazi n'kumapita makamaka ku ubongo ndi kumtima, ndipo mapapo amafinyika akafika pakuya. Mtundu wina wotchedwa Cuvier unayezedwa utamira mamita pafupifupi 3,000, ndipo wina unakhala pansi maola oposa atatu. Komabe m'zaka zonsezi palibe namgumi amene anapeza njira yopumira m'madzi monga nsomba. Aliyense ayenera kukwera pamwamba kukakoka mpweya, ndipo akakodwa mu ukonde wa asodzi n'kulephera kukwera, amafa chifukwa chosowa mpweya m'madzi momwe anabadwira.