Njinga ya katundu musagule poona kuwala kwa penti

Bambo wina wa ku Goliati kuno ku Thyolo wafunsa kuti: "Alangizi, nditagulitsa nandolo ndinagula njinga ya magiya ya kaunjika ku Limbe, yooneka bwino zedi, koma miyezi itatu isanakwane limu yakumbuyo yapindika ndipo masipoko akungothyoka. Ndimanyamulirapo zigubu za mkaka, nthawi zina feteleza matumba awiri. Ndikufuna kugula ina, ndiyang'ane chani?"

Bambo, musanaiimbe mlandu njingayo ndiyambe ndi inu. Matumba awiri a feteleza ndi makilogalamu 100 amenewo, ndiye mwawakhazika pa kanjinga kamene anakapangira munthu mmodzi wongopita kokayenda, kaliyala yake yongomangirira ndi timabawuti tiwiri, mumati chichitike nchani? Ndipo ine ndikudziwa, potsetsereka inunso mumakwera pomwepo ndi katunduyo, mukamenya dzenje zonsezo zimathera pa tayala lakumbuyo. Sipoko imodzi itathyoka simunasinthe, munangoipinda nkumapitabe. Imodzi ikapita zinzake zimalemedwa, zimatsatira, limu nkupindika. Vuto lanu ndi limenelo basi.

Ndiye pogula inayo yambirani kumbuyo. Gwirani masipoko awiriawiri muwafinye, akhale onenepa komanso olimba mofanana, kenako nyamulani njinga muzungulitse tayala muone ngati limu ikuvina pakati pa mabuleki. Ikavina isiyeni, olo wogulitsa anene kuti ndi zazing'ono. Kaliyala ikhale yachitsulo chochindikala, miyendo yake yotsikira pa ekiselo. Felemu muiyang'ane molumikizira monse makamaka pansi pa chishalo ndi pa foloko, mukaona powotcherera kapena penti yatsopano pamalo amodzi okha dziwani kuti inathyokapo kale.

Magiya aiwaleni. Ndikumva kuti zitunda zathu zino nzotopetsa, koma ndi katundu mudzakankhabe, ndipo dothi lathu lofiirali nthawi ya dzinja likalowa mu tizitsulo ta magiya tija tcheni chimangodumpha, sipeya wake nkumakamusaka ku Limbe. Njinga yachikale ya saizi 28, monga Hero kapena Avon, makaniko aliyense pa Luchenza kapena pa Bvumbwe amaidziwa ndipo sipeya wake sasowa. Ngati thumba likulola ilipo Buffalo, kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100, imadulirapo ndithu koma ndi ya ntchito, kungoti mufunsiretu komwe muzikapeza sipeya kufupi ndi kwanu. Mabuleki muwayese pamalo otsetsereka musanalipire, chifukwa nthawi ya chiperoni limu ikanyowa sagwira msanga, ndipo ndaonapo alimi atataya mkaka wonse wam'mawa pa kona, ena mpaka kuvulala.

Koma chimene ndimalimbikira ine ndi girizi, ndipo sindidzatopa nacho. Njinga yatsopano musaikweze katundu tsiku lomwelo, ipititseni kaye kwa makaniko amasule mahabu, pa mapedulo ndi pa handulo, apake girizi wokwanira, amange masipoko onse bwinobwino, pakatha milungu iwiri abwerezenso kumanga poti atsopano amakhwefuka. Zambiri zimabwera zouma mkati, omanga ake amangothamangira kuti zigulidwe. Chaka china chimanga chitavuta alimi ambiri kuno ankakachitenga ku Muloza pa njinga, amene anapaka girizi anayenda nyengo yonse, enawo njinga zinathera pa khonde. Ndiye pa ndalama yanuyo patulani pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la girizi, pampu, zigamba ndi makanikoyo, musathere yonse pa njinga.

Zigubu muzimangirira chimodzi uku china uku kuti zilemere mofanana, tayala likhale lopopa bwino, feteleza thumba limodzi pa ulendo. Ya magiyayo musataye, ikani limu ina mwana azipitira kusukulu.